Kodi Yesu Ndiye Nduna ya Mulungu? Mbiri ya Funso Lakale



Pa mayeso a anthu a m'kalasi amene tinacita kuno ku Benga, anthu atatha kumweta mpunga, tinafunsa mai wina wokalamba wofuna ubatizo, tinati, Amai, Yesu Kristu ndani? Iwo anayankha msanga osakayika, nati, "Abusa, Yesu ndiye nduna yaikuru ya Mulungu. Ife anthu wamba sitingathe kufika kwa mfumu. Tinena ndi nduna, ndipo nduna ikatinenera." Akuru a mpingo anapenyana. Tinafunsanso, Munazimva kwa yani zimenezi? Nati iwo, "Kwa inu nomwe, Abusa, tsiku lija munalalikira ku gombe, mabwato atakanika kulowa m'madzi cifukwa ca mwera." Ndipo ananena zoona. Fanizo ilo linaturuka m'kamwa mwathu, pakuti liri lofewa, lolowa msanga m'makutu, ndipo tidziwa kuti aphunzitsi ambiri alinena m'masukulu a kalasi. Koma liri ndi mbedza mkati mwace. Cifukwa cace tifuna kulondola mapazi a ganizo limeneli, kumene linacokera, njira zimene linadzera pofika kuno, ndi umo Eklesia anaweruzira mlandu wace kale lomwe, m'dziko lathu lino la Afrika.

Tiyambe ndi makolo athu, pakuti muzu uli komweko. Acewa sanaphunzira kwa Azungu kuti kuli Mulungu. Anali ndi maina ace ambiri: Cauta, dzina limene ambiri alilumikiza ndi uta wa Leza umene uoneka m'mitambo, Mphambe, mwini ziphaliwali ndi mabingu, Namalenga, Leza, Cisumphi, ndi Mulungu lomwe. Maina ngambiri, koma mwini maina anali mmodzi, ndipo sanamsemera fano. Pa ici makolo ayenera ulemu, ndipo mphunzitsi wonena kuti iwo anapembedza mitengo ndi miyala anamiza ana a anthu.

Koma Mulungu wa makolo anali Mulungu wakucoka. Nthano ya pa Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, inena kuti Cauta anatsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi ndi nyama zonse, natera pa thanthwe likali lofewa, mapazi ao nadindika pomwepo. Anakhala pamodzi mumtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto, natentha thengo; pamenepo nyama zinathawa munthu, ndipo Cauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Nanga wakucoka wotere amfikira bwanji? Makolo anayankha monga mwa mwambo wa pabwalo, pamene munthu wamba salankhula maso ndi maso ndi mfumu yaikuru, koma apereka mau ace kwa nyakwawa, nyakwawa kwa nduna, nduna kwa mwini dziko. Mwana akadwala, mwini mbumba anathira nsembe ya ufa kapena ya mowa patsinde pa mtengo, nachula maina a akufa a m'banja. Mvula ikakana, mlandu unakula, ndipo mfumu ndi akuru anamuka ku kacisi kukadandaula kwa mizimu ya mafumu akale. Cirala cikapitirira, anatuma mithenga ndi mitulo ku Msinja kwa Makewana, mai wa ana onse, amene sanameta tsitsi lace kuopa kudula mvula, kumene kunali ng'oma yopatulika ija, Mbiriwiri. W. H. J. Rangeley analemba za iye m'caka ca 1952, atamva kwa akuru amene anakumbukira. Ku cigwa ca Shire, Amang'anja anali ndi Mbona ku Khulubvi. Awa ndiwo makwerero a makolo: munthu pansi, mizimu ya banja, mizimu ya mafumu, olosera a ku akacisi akuru, ndi Cauta pamwamba penipeni, wosaoneka ndi wosafikirika.

Tsono Uthenga Wabwino pofika unapeza makwerero ali ciimire, ndipo cinthu capafupi cinali kumfunira Yesu popondera pace. Wansembe wa Cikatolika Matthew Schoffeleers, amene anakhala zaka zambiri nafufuza za Mbona, anapeza anthu a kumeneko amene amucha Mbona Yesu wakuda. Ndiko kunena kuti Azungu ali ndi wowanenera wao, nafenso tiri naye wathu, ndipo onse awiri aima pa khwerero limodzi pansi pa Mulungu. Tisawaseke anthu amenewo. Fanizo lathu la ku gombe ndi mbale wace wa ganizo lao.

Njira yaciwiri inadzera pa madzi. M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika pa Nkhotakota, kumpoto kwa ife kuno kupitirira Chia, nayamba kuolotsa minyanga ndi akapolo m'zombo kumka tsidya lija. David Livingstone anafikapo m'caka ca 1863, naona malondawo ndi maso ace. Pamodzi ndi a Jumbe cinafika Cisilamu, ndipo cinakhala ngakhale malonda oipawo atatha. Lero Asilamu ndiwo anansi athu, abale athu a magazi, okoka nafe khoka limodzi. Iwo aphunzitsa molimba kuti Mulungu ali yekha, ndi kuti kumnenera kuti ali ndi Mwana ndiko kumcepsa; Yesu, amene amucha Isa, amlemekeza monga mneneri wamkuru wobadwa mwa namwali, koma wolengedwa monga aneneri onse. Amishoni a U.M.C.A. anatsegula malo ao pa Nkhotakota m'caka ca 1894 mwa Arthur Fraser Sim, amene anamwalira pomwepo caka cotsatira. Ndipo ku Chia kunaturuka Leonard Kamungu, amene anaphunzira ku Zanzibar, nadzozedwa unsembe m'caka ca 1909, namwalira pa nchito ya Ambuye ku Msoro, m'dziko la Zambia la lero, m'caka ca 1913. Kuyambira masiku a anthu amenewo kufikira lero, Mkristu wa m'mbali mwa nyanja ino sathawa funso la mnansi wace: Kodi inu muli ndi milungu ingati? Ndipo munthu wofuna mtendere pa gombe apeza pothawira pabwino ponena kuti, Iai, Mulungu ndi mmodzi, Yesu ndi nduna cabe. Mkangano uleka pomwepo, koma waleka cifukwa Mkristuyo wapereka cimene anayenera kusunga.

Pali cinanso cimene cinalowera m'cinenero cathu comwe. Otembenuza Malembo anatola mau amene anawapeza m'midzi, ndipo anacita bwino: nsembe, wansembe, kacisi, mzimu, onsewa ndi mau a cipembedzo ca makolo amene anabatizidwa. Cipangano Catsopano ca Cinyanja cogwirizana cinaturuka m'caka ca 1907, ndi Buku Lopatulika lonse m'caka ca 1922, nchito yaikuru ya William H. Murray wa mishoni ya ku Mvera ndi Nkhoma, pamodzi ndi Alexander Hetherwick wa ku Blantyre ndi aphunzitsi a dziko lino amene anawathandiza. Koma mau ena abwera ndi katundu wao wakale. Tikati Ambuye Yesu, mwana wa Mcewa akhoza kumva ulemu wokha, pakuti ambuye ndi dzina limene ticha nalo agogo ndi akuru ena olemekezeka. Ndipo tikati Mwana wa Mulungu, pali cobvuta cimene amishoni sakadaciona msanga, koma ife ticidziwa. Kwa ife Acewa mwana wa mfumu salowa ufumu wa atate wace. Alowa ndi mphwa, mwana wa mlongo wace wa mfumu. Mwana ali wa kwa amace, ndipo pa bwalo la atate wace ali ngati mlendo wolemekezeka. Cotero dzina lomwe limene kwa Ayuda linamveka lalikuru koposa, kotero kuti anafuna kumupha Yesu cifukwa ca ilo, monga tiwerenga pa Yohane 5:18, kwa ife likhoza kumveka locepa. Mphunzitsi ayenera kumasula ici poyera, kuti m'Malembo mwana ndiye mwini colowa conse, ndipo kalata ya kwa Ahebri iyamba ndi mfundo yomweyo.

Njira yacinai inadzera m'mabuku a ku America. M'caka ca 1908 Elliot Kamwana, Mtonga wophunzira ku Livingstonia, anabwera kucokera ku South Africa, kumene Joseph Booth anamdziwitsa zolemba za Charles Taze Russell, nayamba kulalikira ku dera la Nkhata Bay. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu zikwi zambiri, kufikira Boma linamcotsa m'dziko m'caka ca 1909. Ambiri anamtsata cifukwa ca msonkho ndi cifukwa ca kucedwa kwa ubatizo ku mishoni, ndipo madandaulo amenewo sanali opanda pace. Koma m'mabuku a Russell munali ciphunzitso cakuti Mwana ndiye woyamba wa zolengedwa, mngelo wamkuru, wolemekezeka koposa zonse koma wosalingana ndi Atate. Ciphunzitso cimeneco cifika pa makomo athu kufikira lero, ndipo cipeza nthaka yolimidwa kale.

Tsono abale, musayese kuti funso ili ndi la ku nyanja kuno kokha. Linabuka ndi mphamvu mu mzinda wina wa pa gombe, Alexandria, ku Egypt, ndilo dziko lija la Aigupto la m'Buku. Pafupi ndi caka ca 318 mkuru wina wa mpingo wa kumeneko, dzina lace Arius, munthu wodziletsa ndi wodziwa kulankhula, anaphunzitsa kuti Atate yekha ndiye wopanda ciyambi. Kuti Mwana analengedwa poyamba pa zonse, kuti mwa iye Mulungu alenge zina. Ndi kuti asanalengedwe kunalibe iye. Arius sanafuna kunyoza Kristu. Anafuna kuchinjiriza ukuru wa Mulungu, monga afuna mnansi wathu Msilamu, monga anafuna makolo athu. Olemba mbiri akale anena kuti anaika ciphunzitso cace m'nyimbo za amalinyero, za opera tirigu ndi za apaulendo, ndipo inu amene mwamva nyimbo ya opalasa bwato ikuyenda gombe lonse m'sabata imodzi mudziwa mphamvu ya njira yotere. Mipingo inagawanika, kufikira mfumu Constantine inaitana mabishopu ku Nicaea m'caka ca 325.

Pa msonkhano umenewo panali dikoni wacinyamata wa ku Alexandria komweko, Athanasius, amene anakhala bishopu m'caka ca 328, namenyera nkhani imeneyi moyo wace wonse. Anapitikitsidwa pa mpando wace kasanu, nthawi zina nabisala m'cipululu kwa anthu opemphera, namwalira m'caka ca 373. Makani ace sanali a mau cabe. Anafunsa mafunso awiri amene mwana wa m'kalasi akhoza kuwamva. Loyamba: kodi colengedwa cikhoza kupulumutsa colengedwa cinzace ku imfa? Munthu womira satha kuturutsa mnzace womira; ayenera kudza wina amene phazi lace liponda pouma. Ngati Kristu ali wolengedwa, ali m'madzi momwemo pamodzi ndi ife. Laciwiri: Akristu kuyambira masiku a atumwi apemphera kwa Yesu, abatizidwa m'dzina lace pamodzi ndi la Atate ndi la Mzimu Woyera, ndipo Tomasi anamucha Mulungu wace, Yesu osamdzudzula. Ngati iye ali colengedwa, Eklesia yense apembedza fano.

Msonkhano unatsutsa Arius, nusankha liu limodzi la Cihelene lotanthauza kuti umulungu wa Mwana ndi womwewo wa Atate. Kusiyana kumene anakuona ndi kumene mmisiri wa pa gombe akudziwa. Mmisiri asema bwato, ndipo bwato, lingakhale lokoma motani, liri mtengo. Mmisiri yemweyo abala mwana, ndipo mwanayo ali munthu monga mwini. Kupanga nkwina, kubala nkwina. Mwana wa Mulungu sanasemedwa. Koma fanizo ilinso liri ndi malire ace, pakuti mmisiri anali ndi moyo mwana asanabadwe, pamene Atate sanakhale konse wopanda Mwana, monga dzuwa silinakhale lopanda kuwala. Mkangano unapitirira zaka zoposa 50, mafumu ena natsata Arius, kufikira msonkhano wa ku Constantinople m'caka ca 381 unatsimikizanso za Nicaea, nunenanso za Mzimu Woyera kuti ayenera kupembedzedwa pamodzi ndi Atate ndi Mwana. Liu la Cilatini limene ife titembenuza kuti Utatu linayamba kulembedwa ndi Tertullian wa ku Carthage, m'dziko la Tunisia la lero, pafupi ndi caka ca 200. Wina akakuuzani kuti ciphunzitso cimeneci ndi nzeru ya Azungu, mumkumbutse kumene anthu awa anabadwira.

Nanga kodi m'Malembo mulibe makwerero konse? Alimo, koma sali pamene tiwaika ife. Tiwerenga za akerubi ndi aserafi, za Gabrieli wotumidwa, za Mikaeli amene kalata ya Yuda imucha mkuru wa angelo, za mipando yacifumu ndi maulamuliro. Pafupi ndi caka ca 500 mlembi wina, wodzicha ndi dzina la Dionysius, anandandalika angelo m'magulu 9, atatu atatu, ndipo ambiri anakondwera nawo mandandawo. Koma Buku silinawerenga cotero, ndipo ife tiyesa kuti mlembiyo anadziwa za kumwamba zambiri kuposa zimene anauzidwa. Cimene Malembo acita ndi kulemba mzere umodzi: tsidya lino zolengedwa zonse, kuyambira usipa kufikira mngelo woposa onse, tsidya lija Wolenga yekha. Pakati pa usipa ndi Mikaeli pali mtunda waukuru, koma onse awiri ali tsidya limodzi. Cifukwa cace Paulo anacenjeza Akolose, amene anayamba kugwadira angelo poyesa kuti ndiko kudzicepetsa. Ndipo m'Cibvumbulutso, kawiri konse, pa 19:10 ndi pa 22:9, Yohane atagwa pa mapazi a mngelo, mngeloyo anamletsa, nadzicha kapolo mnzace. Funso lonse tsono ndi ili: Yesu aima tsidya liti la mzerewo? Mutu woyamba wa Yohane ndi mutu woyamba wa Akolose anena kuti zonse zolengedwa zinalengedwa mwa iye. Ndipo iye amene zonse zinalengedwa mwa iye sangathe kuwerengedwa pakati pa zonsezo.

Ife a ku nyanja tiri ndi umboni umene a ku mapiri saumva monga ife. Salmo 107 linena za anthu otsikira ku nyanja m'zombo, namondwe nawagwera, nafuulira kwa Yehova, ndipo iye yekha ndiye atontholetsa mafunde. Buku Loyera, limene linaturuka m'caka ca 1998, linaika dzina la makolo lija Cauta pamene Buku Lopatulika liri ndi Yehova. Tsono werengani Salmolo, nimutsegule Marko 4, pamene Yesu anadzudzula mphepo pa nyanja ya Galileya osapempha cilolezo kwa wina. Nduna ikadathamangira kwa mfumu kukanena. Ophunzira anaopa koposa bata litagwa, pakuti anali Ayuda odziwa Masalmo, ndipo anazindikira mwini nchito imeneyo.

Sitibisa kuti alipo mau obvuta. Pa Yohane 14:28 Yesu mwini anena za Atate kuti amposa, ndipo pa 1 Akorinto 15:28 Paulo anena za kugonja kwa Mwana pa cimariziro. Otsata Arius anagwira mau amenewa, ndipo afika nawo pa makomo athu lero. Eklesia anayankha ndi Afilipi 2: Mwana anadzicepetsa mwini, natenga thupi la kapolo, namvera kufikira imfa. Mwini khoka akabvula malaya ace nalowa m'madzi kukoka cingwe pamodzi ndi anyamata ace, saleka kukhala mwini khoka. Pali kutuma ndi kutumidwa pakati pa Atate ndi Mwana ndi Mzimu, pali woyamba kuchulidwa ndi wotsatira. Koma palibe Mulungu wamkuru ndi mulungu wamng'ono. Apa nzeru yathu ifika pakuya pamene mponda sugunda pansi, ndipo sitinyazidwa kubvomereza cotero.

Wina adzati, Abusa, kodi Paulo sanena kwa Timoteo kuti Yesu ndiye mkhalapakati? Anena ndithu, ndipo mai uja sanalakwa konse ponena kuti Yesu atinenera. Colakwa ciri m'cimene fanizo la nduna libisa. Tonse tidziwa midzi imene nduna iri yokoma mtima koma mfumu njaukali. Ndipo munthu woyesa Yesu nduna akonda Yesu, koma aopa Atate monga mfumu yosadziwika mtima wace. Komatu ngati Mwana ali Mulungu, iye amene anakhudza wakhate, nalira pa manda a Lazaro, nasambitsa mapazi a asodzi, ndiye Cauta mwini, amene nthano inati anathawa moto wathu, wabwerera yekha osaitanidwa. Ndiponso mfumu siikhala ndi nduna imodzi. Nduna ina ikacedwa ndi mlandu wako, upita kwa ina. Ndipo umo ndimo Mkristu apemphera m'chalichi Lamulungu, namuka kwa sing'anga Lolemba, mtima wace osamtsutsa, pakuti ayesa kuti onsewa ndi makomo a bwalo limodzi. Ndimonso alaliki ena a masiku ano adziikira khwerero lao, nalandira ndalama kuti akanenere anthu kumwamba, monga nyakwawa ilandira nkhuku. Ife abusa ndi inu aphunzitsi tisamale, pakuti ulemu umene anthu atipatsa utikokera komweko. Pa Yohane 1:51 Yesu anakumbutsa Natanayeli za makwerero a loto la Yakobo, ndipo sanadziika pa khwerero lina la pakati. Anadziyesa makwerero onse, ogunda pansi ndi ogunda kumwamba.

Mai uja tinambatiza. Akuru awiri anafuna kuti abwerere m'kalasi caka cina, koma tinati sikuyenera kulanga wophunzira cifukwa ca kusunga bwino mau a mphunzitsi wace. Tinakhala nawo pa khonde madzulo awiri, tinawawerengera Salmo lija ndi Marko 4, ndipo pomariza anafunsa, "Tsono Abusa, ndikapemphera kwa Yesu, mau anga afika pomwepo, sayenda ulendo wina?" Tinati, Inde Amai, afika pomwepo. Lamulungu lotsatira tinaima pamaso pa mpingo wa Benga ndi kubweza fanizo lathu poyera. Tipempha aphunzitsi onse amene analitenga kwa ife kuti acite comweco m'makalasi ao mvula isanagwe, ndi kuti awerenge ndi ophunzira ao Deuteronomo 6, Yohane 1, Akolose 1 ndi 2, ndi Ahebri 1, m'dongosolo limenelo.